Chimene Sinki Inandiphunzitsa

Amayi anzanga, lero ndikufotokozereni za manyazi amene ndinachita m'nyumba mwanga momwe, kuti mwina wina mwa inu angapewe zimene zinandigwera.

Bambo a kunyumba atakwezedwa kukhala kalaliki pafakitale ya tiyi kuno ku Thyolo, tinachoka kumalaini ndi kukalowa m'nyumba ya mpopi ndi sinki m'kati. Ine amene ndinakulira kusenza ndowa pamutu ndinaona ngati ndafika. Tsono sinkiyo ndinaisandutsa dzala. Nkhoko za mumphika wa nsima, masamba a tiyi otsala m'ketulo, mafuta okazingira nyama, ngakhale mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto, zonse ndinali kungokokolera m'kabowo kaja. Popeza zinali kuzimirira m'maso mwanga, ndinayesa kuti zapita.

Mwezi wa Julayi unafika ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene imakuta minda ya tiyi masiku angapo dzuwa osaoneka. Madzi a m'sinki anayamba kutsika mwaulesi, akulira ngati munthu wotsamwa. Ine osasamala. Tsiku limene apongozi anga anabwera kudzationa, madziwo anakaniratu. Kunja, pamene paipi imathira, panasefukira thope lakuda lonunkha, ntchentche zili ng'aa. Apongozi anangoyang'ana nati, "Mwananga, kodi mwana uja akusewera kuti?" Tinampeza kuseri kwa khitchini akuumba tiziwiya ndi thope lomwelo. Patapita masiku awiri anayamba kutsegula m'mimba, ndipo tinagona naye kuchipatala mausiku atatu. Anachira, koma mtima wanga sunaiwale.

Pulambala amene anabwera anali bambo wachikulire wosapupuluma. Anaika beseni pansi pa sinki, namasula chigongono cha paipi chija chopindika, nandiitana. "Mayi, tabwerani mudzaone katundu wanu." M'menemo munatuluka chimbulunga cholimba ngati sopo, chomatana ndi masamba a tiyi, mchenga ndi tsitsi. Anandilongosolera kuti chigongonocho anachipinda dala kuti muzikhala madzi pang'ono otsekereza fungo ndi mphemvu zochokera kunja. Koma zolemera monga mchenga zimakhazikika pomwepo. Mafuta amalowa ali amadzimadzi, akakhudza paipi yozizira amaundana, ndipo china chilichonse chodutsa chimakakamira pa iwo.

Ndinamuuza kuti mlongo wanga wa ku Johannesburg amasimba kuti kumeneko m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimatha kuumitsa madzi m'mapaipi a panja. Madzi akauma amafufuma, paipi n'kung'ambika, kotero anthu amakulunga mapaipiwo ndi zofunda. Mkuluyo anaseka. "Kuno kuzizira kwathu sikufika poumitsa madzi, mayi. Kumaumitsa mafuta. Chisanu cha m'paipi yanuyi munachiphika nokha."

Kuyambira pamenepo ndinasintha. Mbale ndi miphika ndimayamba ndazipala, zotsalazo n'kupatsa nkhuku. Masamba a tiyi ndimathira m'dzenje la manyowa, kumene amathandiza ndiwo zanga zamasamba. Mafuta otsala ndimawasiya azizire m'kachitini, ndipo poto wonona ndimampukuta ndi pepala ndisanamtsuke. Zokwecha ndi mchenga kapena phulusa ndimachitira panja m'beseni. Pakabowo ka sinki ndinaikapo kasefa, ndipo kubafa ndimatola tsitsi ndikatha kusamba. Loweruka lililonse ndimathira m'sinki madzi otentha a sopo, koma osati owira, chifukwa mapaipi a pulasitiki safuna moto wotere. Mankhwala aukali otsegulira mapaipi sindisunga m'nyumba, poti amawotcha khungu ndi maso, ndipo ana sasankha chogwira.

Kunja nako kuli ntchito. Mvula isanayambe mu Novembala, ndimachotsa masamba, mapepala a pulasitiki ndi dothi m'ngalande, n'kuonetsetsa kuti dzenje lomwera madzi oipa lili ndi chivundikiro. Madzi odikha ndiwo chisa cha udzudzu. Pamene kolera anavuta dziko lathu mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700, ndiponso pamene namondwe wa Freddy anakantha maboma a kum'mwera kuno mu Malichi 2023, ndinakumbukira thope lija ndi manja a mwana wanga. Ngalande yoyera siingaletse namondwe, koma imachotsa madzi oipa pakhomo pamene ana amakwawa.

Inu amene mulibe sinki musaganize kuti nkhaniyi si yanu. Pathandala la mbale ndi kuseri kwa bafa la udzu pamafunikanso kadzenje kodzaza miyala kuti madzi azilowa pansi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinachita manyazi kufunsa amayi anzanga mmene sinki amaisamalira, poopa kuoneka wakumudzi, ndipo amene analipira manyaziwo ndi mwana wanga. Mukamva madzi akutsika mwaulesi sabata ino, ikani beseni pansi, masulani chigongono, kapena itanani wodziwa, thope lisanatuluke kuseri kwa nyumba.