Makasu Awiri m'Kompyuta Imodzi

Kashopu kanga kali pa Nyimba, pafupi ndi Great East Road, pomwe mabasi a ku Chipata amaima kuti anthu agule nthochi. Ntchito yanga ndi kutaipa, kusindikiza ndi kufotokopa. Ambiri mwa makasitomala anga amachokera kutali, m'dziko la amfumu a Mwape, kuchigwa kwa Luangwa. Munthu amene wadzuka tambala woyamba n'kuyenda msewu wafumbi theka la tsiku sungamuuze kuti abwere mawa. Pepala lake liyenera kutuluka lero, ndipo lituluke mmene iye akulidziwira.

N'chifukwa chake m'kompyuta yanga ya patebulo muli Office ziwiri, ya 2003 ndi ya 2010. Mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi, tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Amalume, yakaleyi mukuisungiranji? Bwanji osangoichotsa?" Sindinamuyankhe ndi pakamwa. Ndinatsegula foda ya makopaletivu, anaona yekha mafailo a zaka zambirimbiri: malamulo a magulu, mayina a mamembala, mabuku a masheya, makalata a malire a minda. Pafupifupi onse ndi .doc ndi .xls.

Zinthu zinasintha mu 2007. Office ya chaka chimenecho inabwera ndi mafailo a mtundu wina, .docx ndi .xlsx, mamenyu tinazolowera aja a File, Edit ndi View n'kulowedwa m'malo ndi mzere waukulu wa mabatani pamwamba. Zilembo zoyambira zinasinthanso. Word 2003 imayamba ndi Times New Roman saizi 12, pomwe ya 2007 ndi ya 2010 zimayamba ndi Calibri saizi 11, mizere yotalikirana pang'ono, ndi mpata pansi pa ndime iliyonse. Kwa wongowerenga, zimenezi n'zazing'ono. Kwa wotaipa, ndi pamene pagona nkhani.

Ndinaziphunzira movutikira. Tsiku lina atcheya a kopaletivu ina ya kwa Mwape anabwera ndi malamulo a gulu lawo, amene ndinawataipira kalekale, masamba 12, lililonse losainidwa m'munsi. Ankafuna kusintha ndime imodzi yokha. Ine, pofulumira, ndinakopera mawu onse m'failo yatsopano ya Word 2010 n'kusindikiza. Anatuluka masamba 14. Bambowo anayala akale ndi atsopano patebulo, n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere. Kenako anakweza mutu nati, "Bambo, ndime ya masheya inali patsamba 7. Kumudzi akaona yasamuka, adzati ndawonjezeramo zanga." Mawuwo anandilasa. Ndinatsegula failo yoyamba ija mu Word 2003, ndinasintha ndime yokhayo, ndipo masamba ena onse anakhala m'malo mwake. Mapepala owonongeka aja sindinawalipiritse.

Kuyambira pamenepo ndili ndi lamulo: failo imalimidwa ndi khasu lomwe linaibzala. Yobadwira mu 2003 ndimaitsegula mu 2003. Koma yatsopano nayo ili ndi munda wake. Kuchokera pamene ndalama zachitukuko za CDF zinakwera mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, magulu a amayi ndi a achinyamata sasowa pakhomo panga. Mafomu ndi mabajeti amene amabwera nawo pafulashi kapena pa WhatsApp ndi .docx, ndipo ena amafuna PDF. Word 2010 imatulutsa PDF yokha, chinthu chimene ya 2003 sichita popanda pulogalamu ina yothandizira.

Kukhazika ziwirizi m'nyumba imodzi kuli ndi mwambo wake. Wamkulu amayamba kulowa: umaika ya 2003, kenako ya 2010. Poika yachiwiriyo usathamangire batani la Upgrade, chifukwa lidzakuchotsera yakale. Sankha Customize, uiuze kuti isunge zonse zimene yazipeza. Ya 2003 ndi ya 32-bit, ndiye inzakeyo ikhalenso ya 32-bit. Outlook yokha ndiyo silola mnzake. Imakhala imodzi basi, usankhiretu.

Ukatero, patsala vuto limodzi. Ukachoka mu Word ina n'kutsegula inayo, imayamba kaye yadzikonzanso, kamzere kakuyenda pang'onopang'ono, kasitomala ali chilili. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankabwera maola owerengeka, ndipo mphindi iliyonse inali ndalama. Mankhwala a vutoli ali mu Registry. Pansi pa Office pali manambala: 11.0 ndi ya 2003, 14.0 ndi ya 2010. Mu iliyonse umalowa pa Word, kenako Options, n'kuikamo NoReReg, mtengo wake 1. Kudzikonzakonza kuja kumatha. Muno simolowa ndi phuma; kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindidinanso failo kawiri kuti itseguke yokha, poti ingathe kugwera m'khasu lolakwika. Ndimayamba ndatsegula Word yomwe ndikufuna, failo ndimaiitanira m'katimo.

Pali china chimene sindibisira wophunzira wanga. Office 2003 inasiya kulandira zigamba zachitetezo pa 8 Epulo 2014, ya 2010 pa 13 Okutobala 2020. Choncho kompyuta imeneyi siilawa intaneti ngakhale pang'ono. Maimelo ndi zotsitsa zonse zimachitikira pa laputopu ina, ndipo fulashi ya mlendo imayamba yapimidwa kumeneko. Lachisanu lililonse ndimakopera mafailo onse padisiki yapadera, imene imagona kunyumba.

Mwezi wathawu mayi wina wachikulire anabwera ndi mdzukulu wake. Amuna awo, amene anali msungichuma wa gulu, anamwalira, ndipo panabuka mkangano pa masheya awo. Ndinapeza buku la .xls la chaka cha 2012. Mdzukuluyo ataona K50,000 pa dzina la agogo ake anadzidzimuka. Ndinamufotokozera kuti pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, kotero ndalamayo lero imawerengedwa K50. Mayiwo sanasamale za maziro. Anapempha kuti ndiwawerengere mzerewo mokweza, dzina ndi mwezi umene ndalamayo inaperekedwa. Nditasindikiza, anapinda pepalalo kanayi n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Atatuluka, mwana wa mlongo wanga anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anakokera mpando pafupi nati, "Amalume, ndionetseninso paja mumayambira poika yakale ija."