Kaseti ya Bambo ndi Ng'oma za ku Misuku

Malemu bambo anga, Allah awachitire chifundo, anagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya nsalu ya Mmwenye wina ku Limbe. Popuma pa ntchito, bwana wawo anawapatsa mphatso ziwiri: wailesi yoimba makaseti ndi kaseti imodzi yolembedwa dzina loti Bismillah Khan. Madzulo akabwera kumzikiti, bambo ankakhala pakhonde n'kuika kasetiyo motsitsa mawu. Ife ana tinkaseka. M'kasetimo munalibe woimba ndi pakamwa, munali chitoliro chokha cholira ngati mwana wosowa amake. Ife mtima wathu unali pa nyimbo za Disco Dancer, filimu ya 1982 ija ya Mithun Chakraborty, imene tinkaonera m'nyumba za vidiyo ku Ndirande. Bambo ankangoti, "Makutu anu akadali ana." Panapita zaka zoposa 30 ndisanawamvetse mawu amenewa, ndipo ndinakawamvetsera kutali, m'mapiri a ku Chitipa.

Ndinapita kumeneko mwezi wa June chaka cha 2023 kukaona mlongo wanga amene ndi mphunzitsi m'bomalo. Kuchokera ku Karonga pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Galimoto imausiya mpunga ndi kutentha kwa kunyanja, n'kuyamba kukwera mokhotakhota, kudutsa pafupi ndi mgodi wa Kayelekera, mpaka mphepo yozizira itayamba kulowa pazenera. Akale amati ulendo umenewu unkatha tsiku lathunthu nthawi ya dzinja, msewu wa phula usanamangidwe ndi thandizo la dziko la China.

Chitipa ndi boma la kumapeto kwenikweni kwa dziko lathu, pakati pa Tanzania ndi Zambia. Nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, ndipo linali pa msewu wakale wa Stevenson umene unakonzedwa kuti ulumikize nyanja yathu ndi ya Tanganyika. Ukaima pamsika wa pa Boma umamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chibemba ndi Chiswahili, zonse pa tsiku limodzi. Mayi wogulitsa nyemba anandilonjera kuti "Mwaghona", ndipo ataona kuti ndasowa choyankha anaseka n'kutembenukira ku Chichewa. Ndinachita manyazi, poti iye amadziwa zinenero zinayi pamene ine ndinayenda ulendo wonsewo ndi ziwiri zokha.

Madzulo a tsiku loyamba, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 14, anandiperekeza kumsika. Tikudutsa kuseri kwa magolosale ndinamva nyimbo ya Chimwenye ikutuluka m'kanyumba ka malata. Ndinasuzumira. Ana anali atadzaza pamabenchi, akuonera filimu ya ku India imene munthu wina ankaimasulira m'Chiswahili pamwamba pa mawu a eni ake. Zinandikumbutsa Ndirande. Koma chimodzi chinali chitasintha: nyimbo itangoyamba, ana anakuwa kuti aithamangitse kuti afike pa ndewu. Kunyumba ndinaonanso kuti mnyamata wathuyo sakhalitsa pa nyimbo imodzi m'foni mwake. Isanafike n'pakati pomwe, chala chadumphira kale pa ina.

Loweruka tinapita ku Misuku. Msewu wake umapatuka pa Kapoka n'kuyamba kukwera mapiri amene ena amafika mamita pafupifupi 2,000. Kumeneko nthochi zimamera mpaka pakhomo, ndipo m'munsi mwa nthochizo muli mitengo ya khofi. Inali nyengo yothyola, ndipo amayi ankatsika m'zitunda atasenza madengu a zipatso zofiira. Pamwamba pa mapiri pali nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, zimene m'mawa zimafundidwa nkhungu ngati bulangeti. Kumpoto, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumaoneka mapiri a ku Tanzania.

Pa sukulu ina panali chisangalalo, ndipo m'pomwe ndinaonera koyamba gule wa Mwinoghe. Guleyu ndi wa Asukwa, Andali ndi Abandya, ndipo dzina lake m'Chisukwa limatanthauza kuti tisangalale. Anachokera ku gule wa Indingala wa ku Karonga. Mu 2018 bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chikhalidwe chofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ovina amandanda mizere iwiri, amuna uku akazi uko, n'kumapotokola matupi ndi kusinthasintha mapazi mwaluso. Chondidabwitsa chinali chakuti palibe amene ankaimba nyimbo. Kunkamveka ng'oma zitatu, wenzulo, ndi mawu a mtsogoleri polamula basi.

Poyamba ndinkangoona miyendo. Mkulu wina amene anakhala pafupi nane anandigwira paphewa n'kuti, "Bambo, mukuonera ndi maso okha. Tatsinzinani." Ndinatsinzina. Patapita kanthawi ndinayamba kusiyanitsa ng'oma zija, iliyonse ndi liwu lake. Ina inkagwira njira osasuntha, ina inkasewera mozungulira, kupita kutali ngati yasochera, kenaka zonse n'kudzakumana pa kugunda kumodzi, pomwepo mapazi a ovina onse n'kutera pansi pamodzi. Zikatero zinkanyamukanso. Mtima wanga unagunda, chifukwa zimenezi ndinali nditazimvapo kale, pakhonde la bambo anga.

Nditabwerera kwathu ndinafunsa ndi kuwerenga, ndipo izi ndi zimene ndinapeza. Nyimbo zamakolo za kumpoto kwa India zimaima pa mizati iwiri. Woyamba ndi raga, ndiko kuti njira ya mawu imene woimba amayendamo. Iliyonse ili ndi malamulo ake a kakweredwe ndi katsikidwe, ndiponso nthawi yake. Raga yotchedwa Bhairav ndi ya m'bandakucha, Yaman ndi ya madzulo, pamene Malhar ndi ya nyengo ya mvula. Mzati wachiwiri ndi tala, kuzungulira kwa ng'oma. Tala yodziwika kwambiri, Teental, ili ndi kugunda 16, ndipo kugunda koyamba kumatchedwa sam. Woimba ndi wang'oma amatha kusiyana njira kwa nthawi yaitali, koma luso lawo limaonekera pobwerera pa sam nthawi imodzi. Woimba sayamba ndi liwiro. Amayamba pang'onopang'ono popanda ng'oma, kuonetsa mawu a raga limodzilimodzi, ndipo chiyambi chimenechi, chotchedwa alap, n'chimene ife ana tinkachiseka.

Chitoliro chija dzina lake ndi shehnai. Bismillah Khan, amene anabadwa mu 1916 n'kumwalira mu 2006, anali Msilamu wa mumzinda wa Varanasi, ndipo ndiye anachichotsa pa maukwati n'kuchifikitsa m'mabwalo akuluakulu. Anachiimba ku Red Fort mumzinda wa Delhi pamene India inkalandira ufulu mu 1947. Ngakhale mafilimu amene tinkawakonda aja anamwa pa chitsime chomwechi. Naushad, wopeka nyimbo za m'mafilimu, anamanga nyimbo za Baiju Bawra mu 1952 ndi Mughal-e-Azam mu 1960 pa maraga, ndipo anaitana akatswiri monga Amir Khan ndi Bade Ghulam Ali Khan kuti aimbemo.

Luso limeneli silitoledwa panjira. Ravi Shankar anakhala kwa mphunzitsi wake Allauddin Khan ku Maihar kuyambira 1938 mpaka 1944. Zakir Hussain, katswiri wa ng'oma za tabla amene anamwalira mu December 2024, anaphunzira kwa bambo ake Alla Rakha kuyambira ali wamng'ono. Ku Misuku nakonso ndinaona tianyamata titakhala kumbuyo kwa oimba ng'oma, tikumenya mawondo athu motsanzira manja a akulu.

Ndikudziwa kuti pa nkhani ya zoimbaimba masheikh athu amasiyana maganizo, ndipo ine si woyenera kugamula. Nkhawa yanga monga kholo ili pena. Mwana amene sangathe kumvetsera chinthu chimodzi kwa mphindi zisanu, adzakhala bwanji pamaso pa mwalimu ku madrasa? Adzamva bwanji agogo ake akamafotokoza za kumene mtundu wawo unachokera, poti agogo salankhula mothamanga ndipo alibe batani lowadumphitsira? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife makolo tagulira ana mafoni osawaphunzitsa kudekhako.

Usiku wotsiriza ku Chitipa kunazizira kwambiri, ndipo tinakhala mozungulira mbaula ya makala. Ndinapempha mnyamata uja kuti andifunire Bismillah Khan m'foni mwake. Anampeza. Ndinamuuza kuti aike foniyo pampando ndipo manja apinde. Mphindi zoyamba ankayang'ana kudenga, mwendo ukugwedera. Ng'oma zitalowa anakhala chete. Patapita nthawi anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Amalume, abwerera pomwe anayambira paja, ngati a ku Misuku aja." Mlongo wanga anandiyang'ana, ndipo tonse awiri tinakumbuka khonde la ku Ndirande.

Kaseti ya bambo ndikadali nayo, ngakhale tepi yake inaduka kalekale ndipo wailesi ija inatha. Inu a kum'mwera ndi pakati amene simunafikeko ku Chitipa, mukapeza mpata pitani, makamaka nyengo yothyola khofi. Tengani chofunda chokhuthala, ndipo musasiye ana.