KABATI WOONGOKA PA KHOMA LOKHOTA

Pamene nyumba za khonsolo zinagulitsidwa mu 1996, eni ake ambiri ku Matero ndi ku Chilenje anakuza makhicini ao, koma makoma ena anatuluka okhota. Makabati obwera m'makatoni, amene munthu alumikiza yekha, sagonjera khoma lotere. Ngodya zao n'zoongoka.

Cifukwa cace mmisiri woleza mtima ayamba wapima cipinda pansi, pakati ndi pamwamba, natsata muyeso wocepa. Ngodya aiyesa motere: masentimita 30 uku, 40 uko, pakati pakwane 50. Mpata wotsala autseka ndi kathabwa kosema motsata khomalo.

Wopupuluma adula kabati, ndipo thukuta la banja lithera pa citseko cokana kutseka.