Chikhulupiriro cha anthu obzala kawiri

Kwathu ku Nathenje kuli mawu amene tsiku silingathe osawamva. Mukafunsa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 kuti malonda akuyenda bwanji, akuyankhani kuti, "Mulungu adziwa." Mukafunsa bambo amene chimanga chake chafota kuti ana adya chiyani chaka chino, yankho ndi lomwelo. Mawuwa amamveka pamaliro, pamzere wa kuchipatala, ngakhale pachigayo pamene munthu wabwera ndi chigoba chimodzi chokha cha chimanga.

Kuno ku yunivesite mawu amenewa alibe mbiri yabwino. Anzanga ambiri amati ndi mawu a anthu otopa, amene anasiya kuganiza n'kumusiyira Mulungu ntchito imene akanagwira okha. M'kalasi ya filosofi titaphunzira za Karl Marx, amene anayerekeza chipembedzo ndi mankhwala oziziritsa ululu koma osachiza nthenda, ambiri anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndikutsutsa, ndipo umboni wanga ndi anthu a ku Nathenje ndi ku Mitundu. Anthu amene ndawamva akunena mawuwa kawirikawiri ndi omwewo amene ndawaona akudzuka m'bandakucha kukabzalanso m'munda umene wangowakana kumene.

Tonse tikukumbukira nyengo yaulimi ya 2023 mpaka 2024. Mu November 2023, anthu ali pakalikiliki kukonza mizere, kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya feteleza, mbewu, sopo ndi thiransipoti inakwera nthawi imodzi. Kenaka mvula inadula chifukwa cha El Niño, ndipo pa 23 March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi ya njala.

Kwathu nkhani imeneyi sitinaimvere pawailesi yokha. Bambo anga anatisiya ndili Fomu 2, ndipo chiyambire nthawi imeneyo munda ndi dimba la amayi ndizo zatiphunzitsa, ine ndi mlongo wanga. Chaka chimenecho amayi anakwanitsa thumba limodzi la feteleza pamunda umene kale ankathira matumba atatu. Chimanga chinamera bwino ndithu, koma chitatsala pang'ono kumasula dzuwa linakhazikika. Masamba anapindika n'kukhala ngati anyezi, ndipo pamene panatsala msipu mbozi za ntchemberezandonda zinalowa. Munda umene unkatipatsa ngolo zinayi sunadzaze ngakhale imodzi.

Ndili patchuthi ndinawerengetsera zonse pakope. Fizi yanga, fizi ya mlongo wanga kusekondale, renti ya kachipinda kanga, chakudya cha miyezi khumi. Masamu anakana. Ndinawauza amayi kuti, "Amayi, bwanji ndiyambe ndaima chaka chimodzi, ndikafune maganyu m'tauni, kuti mwanayu apitirize?"

Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe, Mulungu amene anakulowetsa kumeneko sanagone. Ukabwerera kusukulu. Mawa ulawire ku Mitundu kwa malume ako, ukatenge mbewu ya mbatata."

M'mawu amenewo muli zonse zimene ndikufuna kunena. Kudalira Mulungu ndi mbewu ya mbatata zinatuluka pakamwa pamodzi. Amayi analibe chitsimikizo choti fizi ipezeka, ndipo sanandinamize kuti ali nacho. Chimene anali nacho ndi mtima wokhazikika wakuti tsoka limeneli si mawu omaliza pa moyo wathu, choncho panali chifukwa chogwiriranso khasu. Munthu amene wataya chiyembekezo sabzala kachiwiri. Amagulitsa mbuzi, malata ndi munda womwe kwa mavenda, kapena amalowa m'katapila, chifukwa kwa iye mawa kulibe. Tinabzala mbatata pamene chimanga chinapserera, ndipo mvula itathera tinatsikira kudimba, kuthirira mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi ndi makheni kuchokera pachitsime.

Ku Mitundu, kumene ndinakatenga mbewuyo, kuli phiri la Bunda, loyang'anana ndi sukulu yaukachenjede ya zaulimi ya LUANAR. Kalekale makolo athu Achewa ankapereka nsembe zopempha mvula paphiri limeneli, monga ankachitiranso ku Msinja cha ku Dzalanyama. Lero Akhristu a mipingo yosiyanasiyana amakwera phirili kukapemphera, ena kuchezera usiku wonse. Ndimakonda kuganiza za phiri lopempherapo ndi sukulu yophunzitsa za nthaka ndi mbewu zitakhala moyandikana chonchi. Malume anga sanaonepo mkangano pakati pa ziwirizi. Amakwera phiri kukapemphera, ndipo akatsika amakafunsa alangizi a zaulimi mtundu wa mbatata wocha msanga.

Komabe ndikanena za mapemphero a kumapiri ndiyenera kunenanso za malonda amene alowa m'chikhulupiriro chathu. Nthawi ya njala ndi imene aneneri ena amakolola. Amagulitsa madzi, mafuta ndi timastika, n'kumauza mayi wamasiye kuti akapereka ndalama yake yomaliza Mulungu amubwezera kakhumi sabata isanathe. Zikapanda kuchitika amati chikhulupiriro chake n'chochepa. Munthuyo amabwerera kunyumba atataya ndalama, atasenzanso mlandu woti ndiye wolakwa. Kumeneko ndi kumusandutsa Mulungu wakatapila, woti ukamupatsa zakuti akubwezera zakuti pa tsiku lakuti. Ngati Marx ankanena za chipembedzo chotere, ndiye kuti apo pokha ndikugwirizana naye.

Baibulo limene agogo anga amawerenga, Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu mu 1922 pambuyo pa ntchito yomasulira imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, silipereka malonjezo otsika mtengo chonchi. Muli kabuku ka machaputala atatu okha ka mneneri Habakuku. Munthu ameneyu akuyamba ndi kudandaula, kumufunsa Mulungu chifukwa chimene akungoyang'ana chiwawa ndi kupotozedwa kwa chilungamo. Yankho limene akulandira ndi lowawa kuposa funso lake, chifukwa akuuzidwa kuti Ababulo akubwera. Pothera pake akuwerenga zinthu zimene mlimi aliyense wa ku Mitundu angazimvetse: mitengo yosabereka, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto. Atawerenga zonsezo akusankha kukondwerabe mwa Mulungu wake. Palibe pamene akuuzidwa kuti zokolola zibwerera chaka chamawa. Iye akudalira Mulungu nkhokwe ili mbee, ndipo Baibulo silimudzudzula chifukwa chofunsa mafunso ovuta.

Izi zimandilimbitsa mtima chifukwa nkhani za kwathu sizinathe bwino zonse. Mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, wanzeru kuposa ine, amene mayi ake sajomba kumapemphero, anasiya sukulu chaka chomwecho n'kukwatiwa. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sanafunse kuti wopemphera ndani. Ndikanati ndinene kuti ine ndidakali pasukulu chifukwa banja lathu linapemphera kwambiri kuposa mabanja amenewo, ndikananena bodza lankhanza. Kudalira Mulungu sikumuchotsa munthu pamzere wa mavuto. Yesu mwini anapempha ku Getsemane kuti chowawa chimupitirire, ndipo sichinamupitirire. Chikhulupiriro chathu chaima pa zimene zinachitika patapita masiku atatu, ndiye chifukwa chake Mkhristu amatha kuyang'ana chinthu choopsa m'maso osanena kuti zonse zatha.

Nanga fizi inapezeka bwanji? Sikunagwe ndalama kuchokera kumwamba. Amayi a Chigwirizano a mpingo wathu, amene amakumana Lachinayi, anasonkherana, wina K1,000, wina K2,000, wina chigoba cha mtedza choti tigulitse. Gulu la banki m'khonde linawabwereka amayi ndalama n'kuwapatsa nthawi yoti adikire tomato. Malume anagulitsa mbuzi ziwiri pamsika wa Mitundu. Mkulu wa mpingo wa pamlaga wathu, amene munda wake unapsereranso, anandipatsa thiransipoti ali kuseri kwa tchalitchi kuti anthu asaone, n'kungoti, "Mwana wanga, kaphunzire." Ndinalipira theka, theka linalo ndinamaliza semesita ili mkati tomato atapsa.

Mnzanga wina wosapemphera nditamufotokozera anati, "Aise, ndiye kuti anakuthandiza ndi anthu. Mulungu akubwera pati apa?" Funso lake ndi labwino. Koma taonani amene anapereka. Onsewo anali ndi njala yawoyawo. Mwa masamu, chanzeru chinali kubisa kangachepe kamene anali nako. Chimene chinamasula dzanja la mayi amene sakudziwa chimene adye mu January ndi chikhulupiriro choti moyo wake uli m'manja mwa wina wamkulu kuposa nkhokwe yake. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma pamafunika kukhulupirira kuti alipo wosunga chimene waikacho. Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba zofanana ndi zimenezi. Njala itanenedweratu m'masiku a mfumu Klaudiyo, okhulupirira a ku Antiokeya anasonkha aliyense monga mwa kupeza kwake n'kutumiza kwa abale a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Mulungu anayankha njala imeneyo ndi manja a anthu, ndipo ine sindiona chifukwa choti yankho lotere tilichepetse.

Palinso ena amene amaopa kuti kudalira Mulungu kumatseka anthu pakamwa, kuti munthu akati "Mulungu adziwa" ndiye kuti wawakhululukira atsogoleri amene alephera ntchito. Mbiri ya dziko lathu ikukana. Pa 8 March 1992, nthawi imene kudzudzula boma kunali kuika moyo pachiswe, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za umphawi, malipiro ochepa, kumangidwa popanda mlandu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Patangopita chaka ndi miyezi itatu, pa 14 June 1993, Amalawi anavota pa referendamu kusankha ndale za zipani zambiri. Anthu amene analemba kalata ija analimba mtima chifukwa ankaopa Mulungu kuposa munthu. Chimodzimodzi ku Nkhoma, kumene timakhotera pa Kamphata tikadutsa Nathenje, mishoni imene inakhazikika mu 1896 sinathere pa kumanga tchalitchi. Inatsegula sukulu ndi chipatala chimene chikuthandiza anthu mpaka lero. Wodalira Mulungu ali ndi ufulu wonse wofunsa chifukwa chimene feteleza wafikira mochedwa, chifukwa chimene dziko lokhala ndi nyanja yaikulu chonchi likudikirabe mvula yokha, ndi kumene ndalama za misonkho zikupita. Ali ndi chifukwa chachikulu chofunsira, poti amakhulupirira kuti chilungamo chili ndi mwini wake.

Ndikulemba izi ndikudziwa kuti ena mwa inu amene mukuwerenga muli pakati pa phiri lanulanu. Wina dzina lake silinatuluke pamndandanda wa olandira ngongole ya sukulu. Wina akudya kamodzi patsiku n'kumanamizira kuti sakumva njala. Wina walandira foni yoti kumudzi kwagwa zovuta mayeso atatsala sabata imodzi. Sindikuuzani kuti mukapemphera usiku uno mawa zonse zikhala bwino, chifukwa sindine mwini mawa. Ndingokuuzani zimene ndaona zikugwira anthu kuti asagwe.

Muuzeni Mulungu zoona zake, ngakhale zili zokwiya, monga anachitira Habakuku. Pemphero lobisa ululu silithandiza munthu. Mukatero funsani kuti mbewu ya mbatata yanu ndi iti, kanthu kamodzi kamene mungachite mawa m'mawa: kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, ganyu yophunzitsa ana a sekondale, kukaonana ndi mphunzitsi amene mukumuopa. Ndipo musabise vuto lanu kwa abale a mumpingo kapena m'gulu la mapemphero chifukwa cha manyazi. Nthawi zambiri thandizo limene tikulipempha kumwamba lili m'thumba la munthu amene takhala naye benchi imodzi, ndipo iye sangadziwe tikapanda kunena. Tsiku limene inu muli ndi kangachepe, kumbukirani kuti mwina yankho la pemphero la mnzanu wa chipinda choyandikana ndinu.

Mvula ya chaka chamawa palibe akuidziwa, ngakhale a zanyengo amangoyerekeza. Mtengo wa feteleza sitikuudziwa. Koma ikangofika October, kuyambira ku Nathenje mpaka ku Mitundu mudzaona mizere yatsopano itakonzedwa pansi pa dzuwa lootcha, mbewu zitasungidwa padenga, anthu akuyang'ana kumwamba. Mukawafunsa ngati chaka chino akolole, adzakuyankhani kuti Mulungu adziwa, khasu lili m'manja.