Anayamba ndi Ana Ao Omwe

M'chaka cha 1706, Akhristu a mpingo wa ku North End, dera lina la mzinda wa Boston ku America, anasonkha ndalama nagulira mbusa wao, Cotton Mather, mphatso. Mphatsoyo inali munthu, kapolo wochokera kuno ku Africa, ndipo mbusayo anamutcha Onesimus. Nkhani ya mpingo wogula munthu imandichititsa manyazi nthaŵi zonse ndikamaiŵerenga. Komabe nzeru imene inalanditsa anthu ambiri a mumzindawo inadzera mwa kapolo yemweyu.

Tsiku lina Mather anamufunsa ngati anadwalapo nthomba. Iye anaonetsa chipsera cha pamkono, nafotokoza kuti kwao amatapa timafinya pa thuza la wodwala ndi kutemera pakhungu la munthu wosadwala. Wotemeredwayo amadwala pang'ono, koma nthendayo siimugwiranso. Ife pamenepa sitingadabwe kwenikweni, pakuti liwu lathu loti katemera lichokera ku kutema, monga momwe makolo ankatemerana mphini.

Nthomba inaloŵa mu Boston mu 1721, itadza ndi sitima ya pamadzi. Mwa anthu pafupifupi 11,000 a mumzindawo, oposa theka anadwala, ndipo 844 anamwalira. Mather anali ataika kale m'manda mkazi wake ndi ana atatu pa mliri wa chikuku wa 1713. Maliro a ana ankawadziŵa. Tsono analembera madotolo kuŵapempha kuti ayese njira ya Onesimus, koma anavomera mmodzi yekha, Zabdiel Boylston. Dotolo William Douglass anakaniratu, namanyoza umboni wa akapolo. Ena ankati kudwalitsa dala munthu wamoyo ndiko kupikisana ndi Mulungu. Mkwiyo unakula kufikira wina anaponya bomba pa zenera la nyumba ya mbusayo, mwamwayi silinaphulike.

Tisafulumire kuŵaseka otsutsawo. Njirayo inali yoopsadi: wotemeredwa ankatha kupatsira ena nthomba yeniyeni, ndipo ena ankafa nayo. Nchifukwa chake ndimaima nthaŵi yaitali pa tsiku la 26 June 1721, pamene Boylston anatemera anthu atatu oyamba: akapolo ake aŵiri, amene sakanatha kukana, ndi mwana wake wamwamuna, Thomas, wa zaka 6. Makolo anzanga, taganizani bambo atagwira kampeni, akuika nthenda yakupha m'thupi la mwana wobala yekha, anthu kunja akumutcha wambanda. Ine ndagwirapo mwana wanga pamwendo kusikelo, namwino akukonza jekeseni yoyesedwa kale pa ana osaŵerengeka, koma mtima unandigunda ndithu, ndipo usiku umenewo ndinkangomukhudza pamphumi. Nanji Boylston, amene anaona mwana wake atatentha thupi masiku angapo asanachire! Nayenso Mather analola kuti mwana wake Samuel atemeredwe.

Mliri utatha anaŵerenga. Mwa odwala nthomba mwachibadwa, mmodzi mwa 7 anafa; mwa anthu oposa 240 amene Boylston anatemera, anafa 6 okha.

Zotsatira ndingozidutsa mwachidule. Mu 1796 Edward Jenner wa ku England anasonyeza kuti nthomba ya ng'ombe, imene siipha munthu, imateteza ku nthomba ya anthu. Mu 1800 Benjamin Waterhouse anabweretsa katemera ameneyu ku dera la Boston, ndipo nayenso anayamba ndi mwana wake, Daniel, wa zaka 5. Pofika 1827 mzindawo unalamula kuti mwana asaloŵe sukulu ya boma asanatemeredwe. Mliri wotsiriza kumeneko unali wa 1901 mpaka 1903, umene unapha anthu 270. Wodwala wotsiriza wotenga nthomba mwachibadwa anapezeka ku Merca, m'dziko la Somalia, mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthendayo yatha pa dziko lonse.

Inu achinyamata, chipsera chili pamkono panucho nchoteteza ku chifuwa chachikulu. Cha nthomba tili nacho ndife akuluakulu, amene tinaima pamzere kusukulu anzathu ena akuthaŵira m'chimanga. Koma chikuku, chimene chinatha banja la Mather, chikalipo. Katemera wake kuno kwathu amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndipo wachiŵiri pa miyezi 15.