Ku Ibach, Kwawo kwa Kampeni Kofiira

Titatsika sitima ku Schwyz, m'dziko la Switzerland, tinalunjika ku mudzi wa Ibach. Mudziwu uli m'chigwa cha mtsinje wa Muota, kunsi kwa mapiri awiri osongoka otchedwa Mythen. Kumeneku ndiko kumachokera timipeni tofiira topinda tija, tokhala ndi chizindikiro cha mtanda.

Poona nyumba zokongola ndi ng'ombe zonenepa m'madambo, nkovuta kukhulupirira kuti kale dera ili linali la umphawi. Anyamata ambiri ankasamuka kukafuna ntchito kutali. Mu 1884 Karl Elsener, mothandizidwa ndi mayi ake a Victoria, anatsegula kanyumba kosuliramo mipeni, pofuna kuti anthu apeze ntchito kwawo konko.

Mu 1891 iye pamodzi ndi amisiri anzake anayamba kupangira asilikali a dzikolo mpeni wokhala ndi chotsegulira zitini, chomasulira mfuti ndi chobowolera zikopa. Phindu silinaoneke msanga. Mipeni ya ku Solingen, ku Germany, inali yotsika mtengo, ndipo Elsener anatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Koma sanataye mtima. Mu 1897 analembetsa ku boma mpeni wopepuka, umene unadzatchukitsa banjali.

Mayi ake atamwalira mu 1909, iye anatcha malonda ake dzina lawo. Mu 1921, chitabwera chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa inox, maina awiriwo analumikizidwa nakhala Victorinox. Ntchito inapita kwa mwana, kwa mdzukulu, ndipo mu 2007 inafika kwa mdzukulutuvi, Carl Elsener wachinayi.

Chimene chinatikhudza koposa, abale, ndi nkhani ya 2001. Zigawenga zitaukira America pa 11 September, mipeni inaletsedwa m'ndege, ndipo malonda a timipeniti anatsika ndi maperesenti oposa 30. Komabe banjali silinachotse munthu ntchito chifukwa cha vutoli. Antchito ena anabwerekedwa kwa kanthawi ku makampani oyandikana nawo, ndipo chuma chimene chinasungidwa m'zaka zabwino chinagwira ntchito m'zaka zowawa, monga nkhokwe za Yosefe ku Igupto.

Madzulo, tikutsikira ku nyanja ya ku Brunnen, tinakumana ndi antchito akuweruka, akubwerera ku nyumba zawo m'chigwa chomwecho chimene makolo awo ankachithawa. Tinaona kuti cholowa chenicheni cha banja la Elsener ndi anthu amenewa.