Kuphunzira kugwa ku Waterval Boven

Ukachoka ku Johannesburg pa msewu wa N4 kulowera kum'mawa, pakatha maola ngati atatu umafika ku Waterval Boven, katauni ka ku Mpumalanga komwe masiku ano amati Emgwenya. Kuli matanthwe ofiirira pafupi ndi mathithi a mtsinje wa Elands. Kumeneko ndinakhalako masiku awiri pa maphunziro okwera matanthwe a amayi okhaokha.

Tsiku loyamba chingwe chinkachokera pamwamba, ukaterereka umangolendewera pompo. Lachiwiri tinaphunzira kutsogola: umakwera nacho chingwecho, n'kumachikoleka wekha pa zitsulo zokhomeredwa m'thanthwe. Ukaterereka uli mita imodzi pamwamba pa chitsulo chomaliza, umagwa mamita awiri n'kupitirira.

N'chifukwa chake aphunzitsi anayamba n'kutiphunzitsa kugwa. "Asisi, musakakamire, ndakugwirani!" anakuwa mnzanga wogwira chingwe pansi. Miyendo ili njenjenje, ndinatsegula manja. Chingwe chinagwira ndithu.

Madzulo tinakamba za Lynn Hill, yemwe mu 1993 anakhala munthu woyamba kukwera The Nose ya El Capitan ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza. Ine mtima uli pa Chambe, ku Mulanje kwathu. Chatsala n'kupeza mtsikana mnzanga wondigwirira chingwe.